Kadontho Kofiira pa Chivundikiro

Kunja kukamayamba kuyera, Anamaselo ankakhala atapemphera kale. Pemphero lawo la m'mawa linali lalifupi, lonena atagwada m'mbali mwa bedi, ndipo linkathera pa mawu amene amuna awo sankatopa kuwaseka nawo: "Ndiponso, Ambuye, magetsi asazime." Akatero ankatereka madzi a tiyi, kusita chovala choyera cha kuntchito, kukulunga buledi m'kapepala, n'kutuluka kukadikira basi yoyamba. Amuna awo, mmisiri wa matabwa amene shedi yake inali kuseri kwa nyumba, ankalankhula akadali m'bulangeti.

"Mukawapatse moni ana anu a kuntchito. Ife ana opeza tidya mpweya."

"Tiyi ali m'fulasiki, bambo. Manja muli nawo."

Dzina lakuti Anamaselo linachokera kuntchito, koma linawatsatira mpaka kutchalitchi, moti ana a kwaya ankayesa ndi dzina la makolo. Ankagwira ntchito mu labotale ya kafukufuku, zipinda ziwiri kumapeto kwa khonde lalitali la chipatala, kupitirira kochapira zovala. Ntchito yawo inali ulimi, kungoti mbewu zake sizioneka ndi maso. Ankatenga magazi a munthu, kuwazungulitsa m'makina mpaka atalekana, n'kupatula maselo oyera, aja amateteza thupi ku matenda. Maselowo ankawadzala m'timbale tapulasitiki tokhala ndi timaenje, kuwathirira madzi apinki a chakudya, n'kuwaika m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, imene onse ankangoitchula kuti chofungatira. M'mawa uliwonse, asanakhudze n'komwe buledi uja, ankatulutsa timbale, kutiika pa maikulosikopu, n'kuyamba kuwerenga.

M'timaenjemo munali mitundu iwiri imene ankaidziwa ngati anthu a pamzere wa nyumba yawo. Panali maselo akuluakulu, otambalala, omata pansi pa mbale. Madokotala amawatchula kuti makirofeji, koma Anamaselo ankati osusuka, chifukwa amameza chilichonse chimene apeza, tizilombo, maselo akufa, ngakhale kachitsotso. Ndiye panali ang'onoang'ono, obulungira, oyandama, amene iwo ankangoti ana. Ana amenewa akakhala okha amangoti zii, mwina kufa kumene. Koma akayandikana ndi osusuka amawaunjikira ngati anapiye pa thadzi, n'kuyamba kuswana. Sabata ina dzenje linkadzaza mpaka kusowa powerengera. Sabata ina, zonse zitachitidwa chimodzimodzi, ana ankaswana pang'ono n'kuleka, ngati wina wawanong'oneza kuti basi.

Ndani amawauza kuti yambani, nanga ndani amati basi? Funso limeneli Anamaselo anakhala nalo nthawi yaitali kuposa imene mwana wawo wamkazi anakhala pakhomo asanakwatiwe. Mabwana ankabwera, kutenga manambala amene iwo awerenga, kuthokoza, n'kupita kukalemba mapepala awo kwina. Palibe amene anabwerako kudzanena kuti tapeza chakuti. Iwo sankadandaula pagulu. Koma kunyumba, akamatsuka mbale mwamphamvu kwambiri, amuna awo ankadziwa kuti ana a kuntchito achitanso mwano.

Panali chinthu chimodzi chimene Anamaselo ankanyadira nacho, ndipo chinali chawochawo. Madzi a chakudya aja amasakanizidwa ndi selamu, madzi achikasu amene amatsala magazi akaundana. M'selamu muli mapuloteni otchedwa kompulimenti. M'thupi mapuloteni amenewa ndi abwenzi: amamatirira pa tizilombo kuti osusuka atizindikire, ena amatiboola kumene. Koma m'mbale amatha kuvulaza maselo kapena kusokoneza zotsatira, choncho anthu a ntchitoyi amayamba afunditsa selamuyo m'beseni la magetsi kuti mphamvu ya kompulimenti ife. Chaka china wina anaiwala kutero, ntchito ya miyezi yambiri inalowa m'bini, ndipo Anamaselo anakhazikitsa lamulo. Lolemba lililonse m'mawa, chubu chilichonse cha selamu chimene chili pa shelefu yapamwamba ya firiji chilowe m'beseni. Chikazirala, chidonthezedwe utoto wofiira wa m'zikhadabo pa chivundikiro. Chopanda kadontho n'chosapsa.

Iwo eni chibadwire sanapakepo utoto m'zikhadabo. Akapita kukagula, mtsikana wa m'sitolo ankawayang'ana manja n'kumwetulira, ndipo iwo ankabisa kabotoloko pansi pa chikwama ngati akuba.

Aliyense wobwera kudzagwira ntchito m'zipindazo ankaloweza lamuloli tsiku loyamba. Amene analiloweza kwambiri anali a Chipewa, bambo wa msinkhu wawo womwewo amene anasamutsidwa kuchokera koyezera magazi a odwala. Ankavala chipewa dzuwa kaya mvula, ndipo akalowa mu labotale ankachipachika pa msomali monyinyirika ngati akusiya mwana kusukulu. Sabata yawo yoyamba anapeza chubu chopanda kadontho, n'kuchisiya kuti ayambe afunsa. Anamaselo, munthu wosakweza mawu, tsiku limenelo anakweza.

"Achimwene, pano sitifunsa. Osafunsa, osadikira, osaganiza. Mukaona chopanda kadontho, m'madzi!"

"Ngakhale kuganiza kwaletsedwa, achemwali?"

"Mukaganize kunyumba."

Kuyambira pamenepo a Chipewa anawasandutsa mawuwo nyimbo. Lolemba lililonse ankaimba chapansipansi, osafunsa, osadikira, osaganiza, uku akuyala machubu m'beseni, ndipo sanaphonyepo ngakhale kamodzi.

Anamaselo atayamba imvi, kunabwera dokotala watsopano, mayi wachitsikana woyenda ngati akuthawa mvula. Iye sanali ngati anzake aja. Ankakoka mpando n'kukhala pambali pa maikulosikopu, kupempha kuti naye aone. Lolemba lina anaima pa beseni nthawi yaitali, manja ali m'matumba.

"Anamaselo, mwakhala mukupha kompulimenti zaka zingati?"

"Musanabadwe, adokotala."

"Nanga bwanji ngati chimene timapha Lolemba lililonsechi ndicho chimanyamula uthenga? M'thupi palibe amene amachifunditsa. Osusuka anuwa amachimva, enanso amachipanga okha. Mwina chikawakhudza m'pamene amauza ana kuti swanani, kapena kuti basi."

Anamaselo anakhala pansi. Anamva ngati munthu amene wakhala akusaka makiyi nyumba yonse, wina n'kumufunsa kuti nanga m'dzanja mwanumo muli chiyani.

"Ndiye tachedwa chiyani?"

"Za anthu athanzi ena anayesako kale," anatero adokotala. "Ine ndikufuna za odwala."

Odwala amene ankanena anali aja amene chitetezo cha thupi lawo chimawatembenukira. Ana aja amaswana osamva kuti basi, n'kuyamba kuwononga thupi lomwe akuyenera kuliteteza, makamaka impso. Adokotala ankaganiza kuti mwa anthu oterewa mwina kompulimenti ndi osusuka samvana bwino, ndipo akafuna kudziwa anayenera kukhala ndi selamu ya odwalawo, yamoyo, yosafunditsa. Koma matendawa si a tsiku ndi tsiku. Wodwala mmodzi akapezeka mwezi uno, wina ankadzapezeka mvula itatha. Aliyense akavomera, Anamaselo ankapita okha kuwodi ndi kabokosi ka madzi oundana, kudikira namwino atape magazi, n'kubwerera chothamanga khonde lonse lija, chifukwa kompulimenti sachedwa kufooka akakhala pofunda. Selamuyo ankaiika m'firiji yaikulu yozizira koopsa, imene munthu sangaigwire m'kati opanda magolovesi.

Odwalawo ankawadziwa nkhope. Panali mayi wina wogulitsa zovala pamsika, wotupa nkhope mpaka maso kutsala timizere, koma pakamwa pali pabwinobwino.

"Mayi inu, mwanditapa okwana kudzaza ndowa. Kodi mukuphikira ndiwo?"

"Tikufuna timve chimene chikukuvutani, amayi."

"Chikundivuta ndi jakisoni wanuyo. Tapani, tapani, koma aphindule."

Mayiyo sanamalize chaka. Enanso angapo anatsatira. Anamaselo akatsegula firiji yaikulu ija ankayamba aima kaye kamphindi, chifukwa ankadziwa kuti ena mwa machubuwo eni ake kulibe.

Kenako mavuto anabwera motsatana ngati anapangana. Mankhwala amene anaitanitsa kunja anakhala pa doko mpaka kutha mphamvu. M'chofungatira munalowa nkhungu, timbale tonse n'kumera ubweya, ndipo Anamaselo anakhala sabata yathunthu akupukuta ndi sipiriti mpaka khungu la m'manja kusupuka. Loweruka lina magetsi anazima, jenereta inakana kulira, ndipo bokosi limodzi mwa awiri a selamu ya odwala, limene linali pafupi ndi chitseko cha firiji, linasungunuka n'kuwonongeka. Lamlungu lotsatira anapita kutchalitchi ndithu, koma pa nthawi ya mapemphero anangotseka maso osanena kanthu, poopa kuti angalankhule mwamwano. Pomaliza kunabwera uthenga wakuti othandiza kafukufukuyo akutseka ntchito chaka chikatha. Zipinda ziwirizo zidzakhala mosungira katundu, ndipo Anamaselo, poti zaka zinali zitakwana, adzapuma.

"Tatsala ndi bokosi limodzi ndi mpata umodzi," anatero adokotala. "Yatsalayi ndi yochepa, sitingaigawe. Tiithira yonse kamodzi."

Anakonzekera milungu ingapo. Osusuka anamera bwino m'timbale, onenepa, otambasula manja. Ana anali okonzeka. Tsiku lothira selamu linagwa Lolemba, chifukwa maselo sadziwa kalendala, akapsa apsa. Adokotala anali ndi kalasi ya ophunzira m'mawa, ndiye anagwirizana kuti Anamaselo atulutse bokosi, machubu asungunuke pang'onopang'ono pozizira, iwo akamabwera apeze zonse zili tayale. A Chipewa anali patchuthi kumudzi kwa akazi awo, ndipo ankayembekezeka kuyamba ntchito tsiku lomwelo.

M'mawa umenewo Anamaselo anafika alonda asanasinthane. Anavala magolovesi, kutulutsa bokosi, kulipukuta chipale, n'kutsegula firiji yaing'ono. Mashelefu apansi anali odzaza ndi mabotolo a madzi apinki amene anakonzera ntchito ya tsikulo. Malo anali pamwamba pokha. Anaima kaye. Kenako anadziuza kuti n'kanthawi chabe, ndipo iwo eni sachoka m'chipindamo. Anaika bokosi pa shelefu yapamwamba, natenga cholembera kuti alembe chenjezo lomata pa chitseko. Foni inalira asanachotse n'chivundikiro cha cholemberacho chomwe. Anali mayi woyandikana nawo nyumba, akulankhula mopuma.

"Anamaselo, musadzidzimuke. Abambo makina ochekera matabwa awagwira dzanja. Magazi ndi ambiri. Tili m'galimoto, tikubwera kuchipatala kwanuko."

Cholembera chinagwera pansi. Sanavule n'chovala choyera chomwe. Anathamanga khonde lonse, kudutsa kochapira zovala, kudutsa pabwalo, mpaka kolandirira ovulala, mbali ina ya mpanda womwewo.

Anawapeza amuna awo atakhala pa benchi, dzanja litakulungidwa thaulo limene linali litasiya kale kukhala loyera. Nkhope inali itatuwa. Nsonga za zala ziwiri zinali zitapita. Anamaselo anagwira dzanja linalo, kupemphera, kukangana ndi kalaliki wa pawindo, kusaka namwino amene ankamudziwa, kuimbira mwana wawo wamkazi. Mzere unali wautali. Pamene ankawasoka, amuna awo analuma mano, thukuta lili kamukamu, kenako anatsegula diso limodzi.

"Koma lero ana opeza tapambana. Mayi atisankha ife."

"Khalani chete, bambo, akusokeni."

"Ndikanadziwa ndikanadzicheka kalekale. Onani, mpaka kujomba ntchito Lolemba."

Anamaselo anawasiya dzanja.

"Mwati lachingati?"

"Lolemba. Kodi wavulala ndine kapena inu?"

Mwana wawo anali atangofika kumene. Anamusiyira bambo akewo osafotokoza kanthu, naliyatsa liwiro. Munthu wa zaka zawo sathamanga kawiri tsiku limodzi, koma anathamanga. Ali pakati pa khonde anayamba kumva nyimbo ija.

Chipewa chinali pa msomali. Beseni linali likadali lofunda. Pa tebulo machubu anali atandandalikidwa mwaudongo, mzere wowongoka, lililonse ndi kadontho kake kofiira konyezimira. A Chipewa anali atagwira kaburashi, akudontheza chubu chomaliza, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba.

"Achemwali! Ndamva za alamu, pepani kwambiri. Ali bwanji? Ine ndinati musadzavutike ndi za kuno, ndakugwirirani zonse. Ndapeza bokosi lathunthu losapsa, ndinati koma achemwali ukalamba wayamba."

Anamaselo anatsamira chitseko.

"Achimwene, machubu amenewo... simunaone manambala?"

"Ndinaona. Onse amakhala ndi manambala." Kumwetulira kunayamba kuchoka. "Bwanji kodi?"

"Ndi a odwala."

A Chipewa anayang'ana machubu, kuyang'ana firiji yaikulu, kuyang'ananso machubu. Kaburashi kanadontheza utoto pa tebulo.

"A odwala amakhala umo. Chiyambire sanakhalepo pa shelefu iyi. Ine ndinati... ndinaganizako pang'ono kuti bokosili ndi lachilendo, koma..."

Sanamalize, ndipo panalibe chifukwa chomalizira. Onse awiri ankadziwa amene anawaletsa kuganiza.

Adokotala anafika akupukuta choko m'manja, akuseka ndi wina pakhonde. Ataona timadontho tofiira anasiya kuseka. Anatenga chubu chimodzi, kuchiyang'anitsa pa nyali ngati kuti maso angaone chimene chafa m'katimo. Selamu inali yachikasu, yoyera bwino, yosasiyana ndi mmene inalili m'mawa.

"Onse?"

"Onse, adokotala."

"Palibe kamene kanatsalira m'firiji yaikulu? Ngakhale kamodzi?"

"Munati tithire yonse kamodzi."

Adokotala anakhala pa mpando wozungulira uja, nkhope ili m'manja. Sanakalipe. Anamaselo ankalakalaka adokotalawo akanakalipa, kuti mwina mkwiyo upeze pokhala. A Chipewa anachotsa chipewa chawo pa msomali, kuchipinda, kuchiwongola, kuchipindanso.

"Mundichotse ntchito ine," anatero.

"Ntchito yake iti, bambo?" anayankha adokotala osadzutsa mutu. "Yatha kale."

Popeza maselo anali okonzeka, anathira selamu yofunditsayo ndithu, kuti timbale tisangotayidwa. Masiku otsatira Anamaselo ankafika m'mawa monga mwa nthawi zonse, kuika mbale pa maikulosikopu, kuwerenga. Ana anaunjikira osusuka. M'maenje ena anaswana, m'maenje ena analeka. Zinali zomwe zija akhala akuziona moyo wawo wonse, osawonjezera kanthu, osachotsera kanthu. Kompulimenti wa mayi wogulitsa zovala uja, kaya anali ndi mawu otani, anawatengera m'beseni.

Chimene chinawazunza kwambiri n'chakuti mkwiyo wawo unalibe mwini. A Chipewa anachita zimene anaphunzitsidwa. Mayi woyandikana naye anachita bwino kuimba foni. Adokotala sanasankhe Lolemba. Lamulo la kadontho linapulumutsa ntchito zaka zambirimbiri, ndipo akanati ayambirenso moyo akanalikhazikitsa lomwelo. Nanga akwiyire Mulungu? Anayesa, koma sanazolowere, ndiye mkwiyowo unangoyendayenda m'nyumba n'kumagwera pa ziwiya. Anaswa makapu awiri. Anakalipira mwana wawo chifukwa chosiya chitseko chosatseka. Madzulo ena, akuwamanga amuna awo bandeji, anakoka kwambiri.

"Pang'onopang'ono, mayi! Zatsalazi ndikuzifunabe."

"Mukanamvera za chotchingira makina chija, si bwenzi tili pano. Ndinakuuzani kangati?"

Amuna awo anayang'ana dzanja lovulalalo. Kenako analankhula motsitsa.

"Pepani. Ndikanadzicheka Lachiwiri."

Anamaselo anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anakhala pa mkeka, bandeji ili m'manja, nalira kwa nthawi yoyamba chichitikire zinthuzo. Amuna awo anawaika dzanja losavulalalo pamutu, osanenanso nthabwala.

Anamaselo anayesabe. Anavala zovala za Lamlungu pakati pa sabata, napita okha ku ofesi ya mkulu woyang'anira kafukufuku, kumene chiyambire ntchito anali asanalowemo. Anafotokoza kuti odwala ena akadalipo, ena adzabwera, kungofunika chaka china chimodzi ndi chipinda chimodzi, iwo atha kugwira ngakhale atapuma. Mkuluyo anawamvetsera mwaulemu, kuwaitanitsira tiyi, n'kuwauza mosazungulira kuti sizingatheke. Othandiza anali atatembenukira ku matenda ena, ndipo zipindazo zinali zitalonjezedwa kale kwa a zogulagula. Anawathokoza chifukwa cha zaka zawo zonse. Tiyiyo Anamaselo sanamumwe.

Tsiku lotseka, a Chipewa ananyamula mabokosi osaimba. Makina ena anapita ku labotale ya chipatala, ena anakutidwa mapepala apulasitiki. Timbale totsala Anamaselo anatithira mankhwala ophera tizilombo okha, sanalole wina, ndipo madzi apinki aja anasanduka oyera. Kenako anazimitsa chofungatira. Anali asanadziwe kuti chimalira, kulira kwa pansipansi kumene anakhala nako zaka zonsezo, mpaka pamene chinasiya. A Chipewa anavala chipewa chawo m'chipinda momwemo, poti panalibenso lamulo loletsa.

"Achemwali, tidzaonana kumaliro a anthu."

"Ngakhale ku maukwati, achimwene. Musamangosankha zoipa."

Masiku ano Anamaselo amadzukabe kunja kusanayere, poti thupi silimva kuti munthu wapuma. Akatha kupemphera amasesa pakhomo, kenako amapita kushedi kukagwirira amuna awo matabwa, chifukwa dzanja lija siligwira bwino zinthu zazitali. Amuna awo amati tsopano apeza wantchito waulere koma wolongolola. Kutchalitchi anayambiranso kuimba. Mdzukulu wawo akadzicheka bondo, iwo amatsuka balalo n'kumuuza kuti asalire, osusuka ali m'njira, ndipo mwanayo amayesa ndi nthano. Koma pakati pa ntchito nthawi zina amangoima, thabwa lili m'manja, maso ali kutali, mpaka amuna awo atagogoda pa benchi. Foni yawo ndi yakale, galasi lake linang'aluka pakona. Mwana wawo wawagulira ina kawiri konse ndi nambala yatsopano yotchipa, koma iwo amakana kusintha nambala, osanena chifukwa.

Chifukwa chake n'chakuti adokotala aja anapeza ntchito kudziko lina, ku labotale yaikulu kumene magetsi sazima. Tsiku limene ankanyamuka anadutsira kuchipatala kudzatsanzika, galimoto ikuwadikira pachipata, woyendetsa akuliza hutala. Anamaselo anawaperekeza mpaka pagalimotopo atanyamula kachikwama kawo ka m'manja, ndipo asanakapereke anakagwira kaye ndi manja awiri.

"Adokotala, kumene mukupitako mukayesanso, si choncho?"

"Ndikayesetsa, Anamaselo. Zimatengera ndi amene akandilembe ntchito."

Hutala inaliranso. Adokotala anawakumbatira mwachangu, kulandira kachikwama, kulowa m'galimoto. Anamaselo anawerama pa windo, nalankhula mofulumira, poti galimoto inali itayamba kale kuyenda. Sakudziwa ngati adokotala anamva zonse. Anangoona dzanja likubayibitsa, galasi likukwera.

"Mukadzapeza amene amawauza anawo kuti basi, mudzandiimbire. Musadzanditumizire pepala la Chingelezi, sindidzalimva. Mudzangondiuza pakamwa, m'mawu athu omwewa, ngakhale mutadzapeza kuti tinkalakwitsa."